Gwero limodzi la magetsi likachoka, azime ndani? Phunziro la switch ndi la Kapichira

Pa 24 Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera, ndipo madzi a mtsinje wa Shire anagumula mbali ina ya damu la Kapichira m'boma la Chikwawa. Makina anayi opangira magetsi pamalopa, aliwonse a ma megawatt 32.4, anaima. Pa tsiku limodzi lokha dziko linataya ma megawatt 129.6, omwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse omwe kampani ya EGENCO inkatha kupanga. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 60 miliyoni a ku America okonzera Kapichira komanso malayini a ESCOM omwe anaonongeka, koma panadutsabe miyezi yoposa 14 kuti makina oyamba ayambenso kuzungulira mu Epulo 2023.

Za mvula, za damu ndi za ndalama tinakambirana mokwanira. Lomwe sitinalikambirane bwino ndi funso ili: magetsi atachepa chonchi, anasankha ndani kuti uyu azime uyu ayake, ndipo anatsata mfundo ziti? Maganizo anga ndi akuti gwero la mphamvu likachoka, kaya mwangozi kaya mwadala, pamakhala wina woti azimitsidwe basi. Choncho mndandanda wa oyamba kuzimitsidwa uzilembedwa tsoka lisanagwe, ndipo amene ali pa mndandandawo aziudziwa. Mfundo imeneyi imaoneka bwino kwambiri pa kachipangizo komwe ambiri timakadutsa tsiku ndi tsiku osakayang'ana n'komwe, komwe ndi switch ya netiweki.

Ife ophunzira mbiri, zilankhulo ndi filosofi timauzidwa kawirikawiri kuti nkhani ya mawaya si yathu. Komatu kugawa chinthu chochepa pakati pa anthu ambiri ndi nkhani yakale kwambiri m'maphunziro athu. Mayi amene akugawa ufa wotsala m'mwezi wa Febuluwale ndi katswiri amene akugawa ma watt m'kabati ya zingwe akuyankha funso limodzimodzi.

Bokosi la m'kabati

Switch ya netiweki si ija ya pakhoma yoyatsira getsi. Ndi bokosi lachitsulo lophwatalala, lokhala ndi timabowo tondondozana totchedwa ma port, nthawi zambiri 24 kapena 48. Limakhala m'kabati yokhoma m'sukulu zaukachenjede, m'mabanki, m'zipatala ndi m'maofesi. Chingwe chilichonse chochoka pa port chimakathera pa kompyuta, pa kabokosi ka Wi-Fi ka kudenga, pa kamera yachitetezo kapena pa foni ya patebulo. Mukamawerenga nkhaniyi pa Wi-Fi ya pasukulu, dziwani kuti mawuwa adutsa mu switch yomwe ili chapafupi penapake.

Ma switch ambiri a masiku ano amatumizanso mphamvu ya magetsi kudzera m'chingwe chomwecho chonyamula uthenga. Njirayi imatchedwa PoE, ndipo ndi chifukwa chake kabokosi ka Wi-Fi kamayaka kudenga popanda soketi pafupi. Bungwe la IEEE ndi lomwe linaika miyezo yake. Muyezo wa 802.3af wa mu 2003 umalola ma watt 15.4 pa port imodzi, wa 802.3at wa mu 2009 umalola ma watt 30, ndipo wa 802.3bt wa mu 2018 umafika ma watt 90. Apa mwaona kale kuti switch ili ngati ESCOM yaing'ono: ili ndi makasitomala ake, ndipo aliyense akufuna gawo lake.

Mphamvu yogawayo imachokera ku ma power supply, omwe ndi timabokosi tolowetsedwa kumbuyo kwa switch. Ma switch akuluakulu amakhala ndi malo a ma power supply awiri, ndipo mukhoza kusolola imodzi switch ili chiyakire. Zonse zomwe ma power supply angapereke, kuchotsapo zomwe switch imadya yokha, ndiye bajeti ya mphamvu. Titenge chitsanzo cha Catalyst 9300 ya kampani ya Cisco, ya ma port 48 a ma watt 30. Ikakhala ndi power supply imodzi ya ma watt 715, zipangizo za pa ma port zimatsaliridwa ma watt 437. Mukaonjezera yachiwiri yofanana nayo, bajeti imakwera kufika pa 1,152. Dziwaninso kuti ma port onse 48 atafuna ma watt 30 nthawi imodzi pangafunike ma watt 1,440, kutanthauza kuti ngakhale ziwirizo sizikwanira.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wamba angaganize kuti kuchotsa power supply imodzi mwa ziwiri n'kutaya theka la mphamvu. Masamu akukana. Kuchoka pa 1,152 kufika pa 437 n'kutaya ma watt 62 mwa 100 aliwonse. Chifukwa chake n'chakuti switch imayamba yadya gawo lake, ma watt 278 m'chitsanzochi, isanagawire wina aliyense. Gawo limenelo silichepa. Kuchepa konse kumagwera zipangizo za kumapeto kwa zingwe. Ma watt 437 akhoza kudyetsa zipangizo 14 zokha za ma watt 30. Ngati pa switch panali zipangizo zofuna ma watt 800, ndiye kuti ma watt 363 alibenso kochokera, ndipo zina zizima nthawi yomweyo.

Ma power supply awiri angagwiritsidwe ntchito m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kusenzetsa switch katundu yemwe power supply imodzi ingamunyamule yokha, yachiwiriyo n'kukhala yodikirira tsoka. Njira inayo ndi kuphatikiza mphamvu zonse n'kuzigawa mpaka kutha. Poyang'ana kumbuyo kwa kabati, njira ziwirizi sizisiyana: timagetsi tobiriwira tiwiri tikuyaka, ndipo bwana akaona amakhutira kuti pali chitetezo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati katundu wadutsa zomwe imodzi inganyamule, power supply yachiwiriyo inasiya kalekale kukhala yodikirira. Ndi mzati womwe wanyamula denga.

Nanga munthu angachotserenji power supply? Nthawi zina yapsa ndipo ikufunika kusinthidwa. Nthawi zina akufuna kupeputsa katundu pa mabatire kapena pa jenereta magetsi akamathimathima. Koma chifukwa chomwe tikuchidziwa bwino kuno kwathu ndi kubwereka: switch ya kunyumba ina yafa, yatsopano ndi yoitanitsa kunja, ndiye amasolola pano kukaika uko. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 komanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa. Katswiri amene akubwereka chipangizo m'nyengo yotere sindingamudzudzule. Funso ndi lakuti asanasolole, wawerengera kapena ayi.

Mphamvu ikachepa, switch siima n'kuyamba kuganiza. Imatsata zomwe inauzidwa kale. Port iliyonse ikhoza kupatsidwa mulingo wa kufunika kwake. Pa ma switch ambiri a Aruba milingo ilipo itatu, critical, high ndi low, ndipo bajeti ikaperewera zoyamba kuzima ndi za low. Ngati palibe amene anaika milingo, ma port onse amakhala pa low, ndipo switch imangotsata manambala: port ya nambala yaing'ono imasungidwa, ya nambala yaikulu imazimitsidwa.

Taganizirani tanthauzo lake pa chipatala kapena pa sukulu. Amene analumikiza zingwe tsiku loyamba mwina anayambira ku maofesi a mabwana chifukwa ndiwo anali pafupi ndi kabati, ndipo amenewo anatenga port 1 mpaka 10. Foni ya ku wodi ya amayi oyembekezera, kapena Wi-Fi ya ku laibulale komwe ophunzira akulembera mayeso a pa intaneti, inabwera mochedwa n'kugwera pa port 45. Tsiku lomwe power supply imodzi yachoka, kamera yoyang'ana poimika galimoto imakhala ikuyaka, foni ya ku wodi itafa. Palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti galimoto iposa mayi wodwala. Komabe chiganizo chinapangidwa ndithu, ndipo anachipanga ndi amene sanafune kuchipanga.

Katswiri wosamala amachita zinthu zochepa koma motsatana. Amayamba waona bajeti yomwe itsale ndi power supply imodzi. Kenako amaona ma watt omwe switch yasungira chipangizo chilichonse, pakuti switch imawerengera zomwe yalonjeza, ngakhale chipangizocho chikudya zochepa panthawiyo. Amakumbukiranso kuti kamera zoona mumdima zimadya kwambiri usiku, ndipo tibokosi ta Wi-Fi timadya kwambiri anthu akachuluka, ndiye kuyeza masana a Lamlungu n'kudzinamiza. Akatero amaika milingo pa ma port, amazimitsa yekha zomwe zingadikire, amadziwitsa eni zipangizozo, kenako ndiye amasolola, n'kutseka bowo lotsalalo ndi chivindikiro chake kuti mpweya woziziritsa uziyenda bwino. Ntchito ya manja ndi ya mphindi imodzi. Ntchito yeniyeni ndi ya mndandanda.

Kapichira inali mzati

Tsopano tibwerere ku Shire ndi masamu omwewa. Pafupifupi magetsi onse a madzi a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi. Nkula A inayamba mu 1966, kenako kunabwera Tedzani ndi Nkula B. Gawo loyamba la Kapichira linatsegulidwa mu 2000 ndipo lachiwiri mu 2014, lililonse la ma megawatt 64.8. Tedzani IV, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, inamalizidwa mu 2021. Kunja kwa Shire, EGENCO ili ndi Wovwe ku Karonga, yomwe sifika n'komwe ma megawatt 5.

Akatswiri okonza mapulani a magetsi ali ndi mfundo yomwe amaitcha N-1. Imati dongosolo labwino liziyendabe ngakhale chipangizo chimodzi chachikulu chitachoka. Malawi wa mu Januwale 2022 anali kutali ndi mfundo imeneyi. Tinkaphatikiza zonse zomwe tinali nazo n'kuzigawa mpaka kutha, ndipo ngakhale choncho sizinkakwana. Amene akukumbukira chaka cha 2017, madzi atachepa m'nyanja ya Malawi ndi mu Shire, akudziwa kuti magetsi ankatha kusowa usana wonse popanda namondwe aliyense. Choncho Kapichira sinali power supply yodikirira. Inali mzati, ndipo itagwa denga linatsika.

Chomwe chinatsatira chikufanana kwambiri ndi nkhani ya switch. Kuyambira 2018 ESCOM inkagula magetsi a majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, okwana ma megawatt 78. Mgwirizanowu unatha mu Epulo 2022, Kapichira ili chigonere, ndipo sunaonjezeredwe. Panali zifukwa zomveka: magetsi a dizilo ndi okwera mtengo, dizilo amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mgwirizanowo anthu ankaudandaula kuyambira pachiyambi. Sindikunena kuti unayenera kupitirira. Ndikunena kuti kumeneku kunali kusolola gwero lachiwiri mwadala loyamba litafa kale, ndipo chiganizo chotere chimayenera kubwera pamodzi ndi mndandanda woonekera wa amene alipire mtengo wake ndi mdima.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatiphunzitsanso china. Madzi osefukira ndi zinyalala zinachititsa EGENCO kuimitsa makina ku Nkula ndi ku Tedzani, Kapichira isanayambenso. Akatswiri a netiweki ali ndi lamulo losavuta: ma power supply awiri osawalumikiza pa soketi imodzi. Imodzi ipite ku magetsi a ESCOM, ina ku mabatire, kuti chomwe chapha iyi chisaphe inayo. Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi malo atatu, koma soketi yawo ndi imodzi, mtsinje wa Shire. Chilala chimawagwira onse, madzi osefukira amawagwira onse, matope ndi namasupuni zimawagwira onse.

Tsono masamu a 62 pa 100 aja amagwiranso ntchito pa dziko. Magetsi akachepa, pali malayini omwe amatetezedwa, ndipo ena mwa iwo m'pomveka. Palibe munthu wanzeru amene angafune kuti chipatala cha Queen Elizabeth chizime, kapena kuti mapampu a ku Walker's Ferry, omwe amakankha madzi a Shire kukwera mapiri mpaka mumzinda wa Blantyre, aime. Koma tiyeni tingoyerekeza ndi manambala osavuta. Tinene kuti dziko linali ndi magawo 100 a magetsi, 30 atayika, ndipo 25 ndi otetezedwa. Otsala aja, omwe ankagawana magawo 75, tsopano akugawana 45. Iwo sanataye 30 pa 100, ataya 40. Layini iliyonse yoonjezeredwa pa gulu lotetezedwa imatalikitsa mdima wa ena onse. N'chifukwa chake gulu limeneli si nkhani ya m'chipinda chokhoma.

Ena onsewo ndi ndani? Ndi mwini chigayo pa Dyeratu, wowotcherera zitsulo pa Nchalo, wometa pa Ngabu, mayi wogulitsa mafirizesi ndi madzi ozizira pa Bangula m'kutentha kwa Okutobala komwe anthu a m'chigwa cha Shire amakudziwa. Kwa iwowa ola lililonse la mdima ndi ndalama ya ndiwo yomwe yapita. Kampani yaikulu imayatsa jenereta n'kuika mtengo wa dizilo pa katundu wake. Wachigayo amangokhala pakhonde, amayi atafola ndi matumba a chimanga. Ndipo anthu omwewa ndi omwe madzi a Ana anawagwetsera nyumba ndi kuwakokololera minda. Pansi pa onsewa pali gulu lina lalikulu lomwe silinalumikizidwe n'komwe: kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira ndi magetsi.

Aliyense wokhala m'tauni anamvapo mawu akuti "ife sitizima, tili pa layini ya chipatala," kapena "tili pa layini ya akuluakulu." Ofuna nyumba ya lendi amafunsa zimenezi asanafunse za madzi. Imeneyi ndi nkhani ya port 1 ndi port 45 ija. Munthu akupulumuka chifukwa cha malo omwe waya wake anagwera, pomwe sukulu yogonera kapena chipatala chaching'ono chakumudzi chili pa layini wamba. ESCOM imafalitsa ndondomeko ya kuzima kwa magetsi m'nyuzipepala ndi pa Facebook, madera atagawidwa m'magulu, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma ndondomeko yotere imangokuuzani nthawi yomwe muzime. Sikuuzani chifukwa chomwe inu muli pa mndandanda pomwe mnzanu wa kutsidya kwa msewu palibe.

Zomwe ena anganene

Wina anena kuti kusunga mphamvu yodikirira ndi mwanaalirenji wa maiko olemera. Dziko lomwe anthu ambiri alibe magetsi lingasunge bwanji makina ongokhala? Sukulu yomwe ikulephera kugula mabuku ingasiye bwanji ma watt 715 osagwiritsidwa ntchito? Mfundoyi ndi yolemera ndipo ndikuivomereza. Komatu ikulimbitsa zomwe ndikunena. Wolemera akhoza kukhala wopanda mndandanda chifukwa kwake sizima. Wosauka, amene akudziwa kuti tsiku lina mphamvu iperewera, ndiye ayenera kukhala ndi mndandanda wolongosoka kuposa wina aliyense. Power supply yatsopano imafuna madola. Kuika milingo pa ma port 48 kumafuna ola limodzi ndi pepala.

Wina anena kuti kuulula malayini otetezedwa n'kuitana akuba ndi oononga, poti kale mathiransifoma ndi mawaya zikubedwa. Nkhawayi ndi yoona. Koma palibe amene akupempha mapu osonyeza pomwe pali chipangizo chilichonse. Chofunika ndi mfundo zake: ndi magulu ati a ntchito omwe amatetezedwa, chifukwa chiyani, onse pamodzi amadya ma megawatt angati, ndipo dera lililonse linakhala mumdima maola angati mwezi wathawu. Wakuba sapindula kanthu podziwa kuti Nsanje inazima maola ochuluka kapena ochepa kuposa Area 10. Nzika ndiyo imapindula, chifukwa imatha kuona ngati katundu akusenzedwa mofanana.

Wina anenanso kuti izi n'za akatswiri, anthu wamba angosokoneza. Pali mbali yomwe ndi ya akatswiri okha. Iwo ndiwo amadziwa malayini omwe angazimitsidwe popanda kugwetsa dongosolo lonse, ndipo makina akaima mwadzidzidzi, zipangizo zodzitetezera zimadula malayini m'kuphethira kwa diso popanda kufunsa munthu. Pa mphindi imeneyo palibe msonkhano. N'chifukwa chake msonkhanowo uyenera kuchitika kale. Katswiri akhoza kukuuzani kuti kamera imadya ma watt angati. Koma kuti kamera ndi foni ya ku wodi chofunika kwambiri n'chiti, yankho lake silili m'buku la Cisco. Ndipo n'kumulakwira katswiri kumusiyira yekha chiganizo chotere, n'kudzamutukwana zikavuta.

Zomwe ndikupempha

Kwa oyendetsa sukulu, zipatala ndi maofesi, pempho langa ndi laling'ono. Itanani amene amasamalira netiweki yanu mumufunse mafunso atatu. Power supply imodzi itachoka lero, bajeti itsala ma watt angati? Zipangizo zathu zalonjezedwa ma watt angati? Zoyamba kuzima ndi ziti? Ngati yankho la funso lachitatu ndi nambala ya port osati dzina la ntchito, khalani naye pansi pamodzi ndi anamwino, aphunzitsi kapena oimira ophunzira, mugwirizane, mulembe, mumate pepalalo mkati mwa chitseko cha kabati. Mukatero muyesere tsiku lomwe kulibe anthu ambiri: sololani power supply imodzi muone ngati zomwe zazima ndi zomwe munalemba. Anzanga a m'mabungwe a ophunzira, nkhani iyi ikuyenera kulowa m'misonkhano yathu monga momwe imalowera ya chakudya ndi malo ogona.

Kwa dziko, njira ilipo kale. Bungwe la MERA limachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ESCOM ikapempha kukweza mitengo ya magetsi. Ngati timafunsidwa za mtengo wa magetsi, tifunsidwenso za kagawidwe ka mdima. Mfundo zotetezera malayini zikambidwe poyera, zilembedwe, ziziunikidwanso chaka ndi chaka, ndipo maola omwe dera lililonse lazima azifalitsidwa mwezi ndi mwezi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku mabungwe a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo atolankhani, aphungu a ku Chikwawa ndi Nsanje, ngakhalenso ife ophunzira, tikhoza kuligwiritsa ntchito kufunsa zimenezi mwaulemu ndi molemba. Ndipo nthawi iliyonse yomwe gwero likuchotsedwa mwadala, kaya ndi mgwirizano womwe ukutha kaya ndi makina omwe akukonzedwa, chilengezo chake chizinena ma megawatt omwe achoke ndi amene asenze kuchepako.

Magwero atsopano nawo tiziwayeza ndi funso la soketi lija. Sola ya ku Salima ya ma megawatt 60, yomwe inayamba kumapeto kwa 2021, ndi ya ku Golomoti ya ma megawatt 20 yokhala ndi mabatire, sizidalira Shire, ngakhale dzuwa limalowa nthawi yomwe mabanja akuyatsa magetsi ndi kuphika. Layini ya makilomita 218 yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya ku Balaka ndi soketi ina yeniyeni, chifukwa cholinga chake ndi kutilumikiza ndi magetsi a maiko oyandikana nawo. Mpatamanga, ya ma megawatt oposa 350, ndi yaikulu ndipo tikuifuna, koma malo ake ali pakati pa Tedzani ndi Kapichira, pa mtsinje womwewo. Ikulitsa bajeti, koma payokha sichotsa vuto la soketi imodzi.

Ndipo damu la Kapichira tsopano lasenza katundu wachiwiri. Ngalande yaikulu ya pulogalamu ya Shire Valley Transformation, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370 ku Chikwawa ndi Nsanje, inakonzedwa kuti izitenga madzi ake padamu lomweli. Chaka chomwe Shire adzachepe ngati mu 2017, madzi omwewo adzafunidwa ndi makina a magetsi komanso ndi minda ya alimi. Imeneyonso ndi bajeti, ndipo nayonso idzafuna yankho la funso lakuti ayambe kuchepetseredwa ndani. Alimi a m'chigwachi ali ndi ufulu wodziwa yankholo asanadzale.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba kale katatu: mu 2017, mu 2022 ndi mu 2023. Namondwe wina adzabwera, chilala china chidzabwera, ndipo power supply ina idzapsa m'kabati ya pachipatala china. Zimenezo sitingaziletse. Chomwe chili m'manja mwathu ndi mndandanda. Wachigayo wa pa Dyeratu akhoza kuvomera kuzima kuti chipatala chiyake, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri angavomere ndi mtima umodzi. Chomwe akuyenera kupatsidwa ndi mwayi woona mndandandawo, kudziwa amene anaulemba, ndi kunenapo maganizo ake magetsi adakali chiyakire.